Buku la aChilemba Lipite Kwawo

Estere mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi nditakhala pansi pa mtengo wa mabulosi. Amayi ako akusosola nkhuku ya kamba wako kuseri kwa khitchini, iwe ukusita zovala m'nyumbamo. Udabwa kuti munthu wogona naye denga limodzi ndikumulemberanji kalata. Pakamwa panga ukupadziwa, pamatha nthabwala ndi kukalipa basi, mawu enieni akafika pakhosi amabwerera. Ndiye ndati ndilembe, ukawerenge uli m'ndege, kumene sungatsike kudzandipanikiza ndi mafunso ako a kusukulu aja.

Mawa kombi ikutenga pano pa Raffingora kupita ku Harare, kenako ndege mpaka ku India, kudera la Punjab, kukaphunzira unamwino. Za kuzizira kwa kumeneko ndi za anyamata amayi ako akuuza kale, ndipo mawa adzabwerezanso mpaka kombi itanyamuka. Zanga ndi zina. M'chikwama chako chaching'ono, chimene uzikhala nacho pamiyendo, muli kamtolo kokulungidwa m'nsalu yachikasu. Ndaikamo ndine. Ndi buku, si lathu, ndipo ndikukupempha kuti ulifikitse kwawo. Usaliike pansi. Usaligwire usanasambe m'manja. Lisayandikire fodya. Akakufunsa pabwalo la ndege, uwauze kuti ndi buku la mbiri yakale, alione mmene angafunire, koma uwapemphe mwaulemu kuti asaliike pansi.

Mwini wake tinkamutchula aChilemba, chifukwa cha chilemba chimene ankamanga kumutu tsiku lililonse, chosasunthika ngakhale atagona kunsi kwa thirakitala. Dzina lawo lenileni linali Singh, koma limenelo silikuthandiza kupeza abale awo, poti amuna a mtundu wawo, Asikhi, pafupifupi onse ndi a Singh. Anali makanika wa papulazi pano nthawi ya mzungu, iwe usanabadwe. Ankakhala okha m'kanyumba kuseri kwa galaja, nkhalamba ya ndevu zoyera zofika pachifuwa, chibangili chachitsulo pamkono. Akuti anadzera ku Kenya ndi ku Zambia. Mkazi wawo anamwalira kalekale, za ana sindinamvepo. Chodabwitsa chinali chakuti pulazi yonse ndi ya fodya, tonse tinkadya za fodya, koma iwo fodya sankamukhudza ngakhale ndi chala. Chipembedzo chawo chimaletsa. Ine ndinali dalaivala wa thirakitala, ndipo ndikabwera kuchokera kumunda manja ali nda ndi utomoni wa fodya, ankangoloza pampopi n'kuti, "Laisoni, manja. Sopo ali apo." Ndikapanda kusamba, sankandilola kuwapatsira ngakhale sipanala.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuseka. Sindinganamizire ubwana, ndinali bambo wa ndevu zanga, amayi ako nditawakwatira kale. Tsiku lina, pofuna kusangalatsa anzanga, ndinatenga tsamba la fodya n'kuliponya m'bokosi lawo la zitsulo, ife n'kubisala kuseri kwa ngolo kuti tione gule. Gule panalibe. Anatsegula bokosi, anayang'ana nthawi yaitali, n'kuchotsa tsambalo ndi timitengo tiwiri. Atatero anatulutsa chitsulo chilichonse, n'kuchitsuka ndi sopo, kuchipukuta, kuchiyanika padzuwa, chimodzichimodzi, kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Anzanga anathawa mmodzimmodzi, ine n'kutsala nditaima ngati chitsa. AChilemba anatembenukira kwa ine. Anangoti, "Thirakitala yako idikira mawa." Mawa lakelo anandithirira tiyi monga mwa nthawi zonse. Kumene ukupitako uona anthu akulemekeza zinthu zimene kwa iwe sizikumveka. Usaseke, Estere, ngakhale anzako onse akuseka. Uli ndi kaseko ka ine ndemwe, ndimakamva ukamanena za mapositori.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kumapita kwawo Lamlungu masana tikaweruka kutchalitchi, mwina manyazi ndi amene ankandikoka. Ndinkawapeza atavula nsapato, atakhala pamkeka, bukuli lili pakathabwa kake patsogolo pawo. Sankawerenga ngati ife, ankachita ngati kuimba, mawu akukwera ndi kutsika, thupi likugwedezeka pang'onopang'ono. Akatopa ankandimasulira m'Chichewa chawo chothyokathyoka, chosakaniza ndi Chishona ndi Chingerezi. Anati ili si buku lawo lopatulika lopempherera, limenelo ndi lina. Ili ndi la mbiri ya mtundu wawo, lolembedwa m'ndakatulo. Muli mmene makolo awo ankasakidwira ngati nyama ndi mafumu a nthawi imeneyo, mmene ankagonera pamsana pa akavalo m'nkhalango chifukwa mudzi analibe, mmene ena anasankhira kufa kusiyana ndi kumetedwa tsitsi n'kusiya chikhulupiriro, mpaka osakidwa omwewo anadzakhala olamulira dzikolo. Wolembayo akuti anazimva kwa bambo ake ndi agogo ake amene anali m'nkhondozo, ndipo analemba chifukwa alendo ankauzidwa mbiri yokhota ndi anthu odana nawo. Pena akamawerenga misozi inkatsikira m'ndevu, ine n'kumayang'ana kumbali.

Tsiku lina anatseka bukulo n'kundifunsa, "Nanga lanu, Laisoni, lili kuti?" Ndinaseka. Ndinati ife a m'komboni buku tilitenga kuti, koma zathu ndikuzidziwa. Ndipo ndinkazidziwadi. Agogo ako aJailosi anabwera wapansi kuchokera ku Malawi, kudzera ku Tete, kudzafuna ntchito m'mapulazi muno. Ndili mwana ankandiimika patsogolo pawo kuti ndinene mayina anayi: mudzi wathu, mfumu yathu, mtsinje umene ankamwa, ndi dzina la amayi awo. Ndikaphonya limodzi, khutu linkapotokoledwa. Ankati, "Kuno adzakutcha mlendo mpaka kufa, koma ukadziwa anayiwa sunatayike." Ndinawatchulira aChilemba onse anayi mosadodoma. Iwo anati, "Lemba." Ine ndi matama anga ndinati mutu wanga si pepala loti chiswe n'kudya. Anandiyang'ana n'kuti, "Mutu amakwirira nawo limodzi." Sindinalembe. Kumeneko ndiye kulakwa kwachiwiri. Iwe uzilemba, mwana wanga. Chimene wamva kwa munthu wamkulu, lemba tsiku lomwelo, ngakhale ukuona ngati sungachiiwale.

Inafika nthawi ija mapulazi ankalandidwa. Za nthawi imeneyo wamva zokwanira, sindibwereza. Mzungu anapakira katundu wake ndi akavalo ake m'malole n'kupita. AChilemba anali atayamba kale kudwala, miyendo yotupa, kupuma kwa befu. Anandiitanitsa dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinawapeza atakhala pabedi, kamtolo kachikasu kali pamiyendo. Anati, "Manja." Ndinasamba. Anati akupita kuchipatala ku Chinhoyi ndipo sakuona ngati abwerera. Anandipempha kuti ndikapereke bukulo kwa munthu aliyense wa mtundu wawo, kaya ku Harare kaya kwina, bola lifike m'manja mwa wodziwa kuliwerenga. Anandiuza zitatu zija ndakuuza: pansi ayi, manja osasamba ayi, fodya ayi. Ine ndinayankha msangamsanga, "Musadandaule madala, sabata ino yomweyi." Anamwalira patapita masiku owerengeka. Sabata imeneyo, Estere, yatha zaka zoposa makumi awiri. Usamalonjeze ndi pakamwa popepuka kwa munthu amene sadzabweranso kudzakufunsa. Wamoyo ukhoza kukamupepesa, iye n'kukumasula.

Tsono imva uchitsiru umene angachite munthu wa fodya yekha. Masiku amenewo anyamata ankalowa m'nyumba za m'komboni kugubuduza katundu, denga lathu linkadontha, ndipo ine ndinkaopa kuyenda pamsewu wa ku Harare ndi chitupa changa cholembedwa kuti ndine mlendo. Ndinati ndilibise kaye pouma mpaka zinthu zitakhazikika. Munthu wa fodya ukamufunsa malo ouma, akulozera balani. Balani nambala foro, ija ili kumapeto pafupi ndi mabulugama, ng'anjo yake inali itasweka, ndiye sitinkawotcheramo, tinkangosungiramo mabelo. Ndinaika bukulo m'chitini cha mabisiketi, ndinachotsa njerwa ziwiri pamwamba pakhoma, n'kulowetsamo, n'kutsekanso. Ndinatuluka ndikudziyamikira nzeru. Ndinafika mpaka pampopi ndisanazindikire kuti buku la munthu amene anatsuka masipanala masana onse chifukwa cha tsamba limodzi, ine ndaligoneka pakati pa mabelo a fodya. Ndinati ndikalichotsa mawa.

Bwana watsopano anandisunga chifukwa ndimadziwa moto wa m'mabalani. Chaka choyamba chomwecho, mabelo amene tinasanja kukhoma limenelo anabwezedwa ku okushoni. Maonekedwe ake anali abwino, achikasu ngati uchi, koma ukanunkhiza, fungo palibe. Unkangokhala ngati wanunkhiza makoko a chimanga. Chaka chachiwiri chimodzimodzi. Bwana anaitana mneneri wa mapositori, anawaza madzi ake, osathandiza. Ine ndinkachita ngati sindikudziwa kanthu. Ndiye kunabwera akavalo. Osati usiku ayi, usiku zinthu zambiri zimanamiza. Masana dzuwa likuswa mtengo, ndikusonkhezera moto pa balani nambala fili, ndinkamva ziboda zikuyenda pang'onopang'ono kuzungulira balani foro, akavalo ambiri, osathamanga. Ndikazungulira kukaona, fumbi lili chete, popanda ndi phazi lomwe. Papulazi pano panalibenso kavalo chichokereni mzungu. Galu wathu wa nthawi imeneyo ankafika pamabulugama n'kukhala pansi, osapitirira. Amayi ako anawamvapo kamodzi atandibweretsera chakudya. Anaika mbale pansi n'kunena m'Chishona chawo kuti pali mzukwa, "Baba, pane chipoko pano," n'kubwerera osacheuka. Sindinawauze chimene ndinkadziwa, ndipo bukulo ndinayamba kuliopa, moti kulibweretsa m'nyumba sindikanathanso.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira. Chinali chaka cha njala ija mashopu anali mbee, iwe uli kumsana. Ukudziwa chimonera, fodya wopichira papepala amene amuna a m'komboni amasuta. Kale nyuzipepala zinkatsika kuchokera kunyumba ya mzungu, koma nthawi imeneyo pepala linasowa ngati shuga. Makope akale a ana asukulu tinali titasuta kale onse. Ine ndinatha masiku atatu osasuta, m'mimba muli njala, mutu ukuwawa, aliyense akundinyansa. Masana ena mvula inandipeza pamabalani, ndipo ndinathawira mu nambala foro. Fodya ali ponseponse, machesi ali m'thumba, pepala palibe. Maso anga anapita okha panjerwa ziwiri zija. Ndinatsitsa chitini. Ndinayala bukulo pansi, pafumbi la fodya, n'kulitsegula ndi manja a utomoni, zitatu zonse kuziswa nthawi imodzi. Ndinadziuza kuti kumapeto kwa buku sikukhala nkhani yeniyeni, ndipo ndinang'amba pepala limodzi chakumapeto, lolembedwa mbali zonse ziwiri. Linali lopyapyala bwino. Ndinapichira, ndinayatsa. Ziboda zinali zikuyenda panja mumvulamo, koma nditangokoka utsi woyamba zinaima zonse. Ngakhale mvula pamalata sindinaimvenso, mpaka moto unanditentha zala. Bukulo ndinalibwezera kukhoma. Umandiyamikira kuti ndinasiya fodya chifukwa cha thanzi. Sindinasiye ndi nzeru ayi. Kuchokera tsiku limenelo fodya aliyense m'kamwa mwanga amangokhala utsi wa zinyalala.

Sabata yomweyo a bungwe lathu la maliro ankalemba mayina a midzi ya mamembala, kuti munthu akamwalira uthenga uzidziwika kolowera. Atafika pa ine ndinatsegula pakamwa monga ndinkachitira pamaso pa agogo ako. Panalibe kanthu. Mudzi, mfumu, mtsinje, dzina la agogo anga aakazi, onse anayi anali atachoka, malo ake ali see ngati pabwalo posesa. Ndinati ndi njala, abwerera ndikadya. Sanabwerere. Agogo ako anali atamwalira kale, anzawo amene anayenda nawo ulendo uja onse ali kumanda a kuseri kwa damu. Amayi ako ndi a dziko lomwe lino, a ku Guruve, mayina achilendowo sanawasunge. Ukukumbukira tsiku lija tinapita kukakutengera chitupa, kalaliki atafunsa m'Chishona za kumudzi kwa abambo ako kuti, "Kumusha kwababa ndekupi?" Ine ndinati ku Malawi, iye n'kuseka, "Malawi yese?" Unandikwiyira njira yonse, unkaganiza kuti ndikuchita makani kapena ndikubisa zinazake. Unalembetsa mudzi wa amayi ako ndipo unachita bwino. Koma dziwa lero kuti sindinkabisa, mwana wanga. Ndinalibe choti ndikupatse, ndipo zinandiwawa kuposa mmene ndinaonetsera.

M'malo mwa mayinawo munalowa china. Tsiku lina ndikukonza mpini pakhomo, amayi ako anandifunsa, "Baba vaEstere, chii chamuri kuimba ichocho?" Sindinkadziwa n'komwe kuti ndikuimba. Kanali kaimbidwe ka aChilemba ka Lamlungu masana, kukwera ndi kutsika, ndi mawu ake omwe, ine amene sindinaphunzirepo liwu ndi limodzi lomwe la chinenero chawo. Nyimboyo ukuidziwa. Ndi ija ndinkakuimbira ukamalira ndi malungo, imene inkakutontholetsa pamene zina zonse zakanika. Utakula unandifunsa kuti ndi chinenero chanji, ine n'kukuuza kuti ndi Chichewa chakale cha agogo ako. Linali bodza. Ine ndimakhulupirira kuti ndi mawu a papepala lija ndinasuta. Ndikudziwa kuti pano wakweza nsidze, ndipo wayamba kale kundifotokozera kuti ndinawamva akuwerenga ndipo ubongo unasunga. Mwina. Ndiye ubongo womwewo undiuze kumene unaika mudzi wa abambo anga.

Ndinayesapo kamodzi kukonza zinthu, iwe uli ku pulayimale. Ndinakwera basi kupita ku Harare, buku nditalisiya, ati ndikaone kaye njira. Ndinafunsa m'mashopu a amwenye mpaka wina anandilozera sitolo ya zitsulo za magalimoto, kumene kunali bambo wa chilemba ndi chibangili ngati chomwe chija. Ndinaima tsidya lina la msewu n'kumamuyang'ana akutumikira anthu. Ndinkayeseza mawu mumtima, koma nthawi zonse ndikafika poti pepala limodzi mulibe, ndinkamuona akundifunsa kuti linapita kuti. Ndinaima pamenepo mpaka miyendo kuwawa, kenako ndinagula banzi n'kukwera basi yobwerera. Amayi ako ndinawauza kuti ndinapita kukafunsa mtengo wa feteleza. Manyazi ndi amene anandisungitsa bukuli zaka zonsezi, osati akavalo. Ukalakwa kumeneko, kaya wamupatsa wodwala mankhwala olakwika, kaya wathyola chinthu cha mwini, unene tsiku lomwelo. Mawa lake chimalemera kuwirikiza.

Tsiku lija unabwera ndi kalata ya sukulu n'kutchula kuti Punjab, unaona kapu ikundipulumuka m'manja. Unaseka kuti adadi akalamba. Pa mayiko onse amene ukanapita, unasankha kwawo kwa aChilemba, dzina limene sindinalitchulepo m'nyumba muno. Sindikunena kuti nzeru zako si zako, unawerenga ndi kandulo mpaka maso kufiira, ndinakuona. Ndikungonena kuti kapu inagwa.

Ukafika, ukakhazikika, usadikire mwezi. Funsa kumene kuli nyumba yawo yopempherera, akuti kumeneko zili paliponse. AChilemba ankati aliyense amalowa, wa mtundu uliwonse, ndipo onse amadya limodzi atakhala pansi, wolemera ndi wosauka. Uvule nsapato, ufunde kumutu duku limene amayi ako akuikira, usambe m'manja. Upeze munthu wachikulire, umupatse bukulo ndi manja awiri. Ndiye unene zonse. Usakanene kuti pepala linasowa, kapena kuti linadyedwa ndi chiswe, ngakhale ndikudziwa kuti ufuna kunditchinjiriza. Ukanene kuti, bambo anga analisunga m'nyumba ya fodya, anang'amba pepala limodzi, analisuta, ndipo akupepesa. Akakwiya, uime pomwepo umve, mkwiyowo ndi wanga ndipo ukudutsira mwa iwe chabe. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsa katundu amene ndinayenera kusenza ndekha, ndipo pa chimenechi ndikukupepesa iwenso. Akatha kulankhula, uwaimbire nyimbo ija. Ngati ndi mawu a pepalalo, adzawazindikira, ndipo mwina wina adzawalemba n'kuwabwezera pamalo pake.

Lero masana ndinapita kukalitenga. Ndinasamba ndi sopo watsopano, ndinavala chipewa, nsapato n'kuzisiya pakhomo pa balani. Chitini chachita dzimbiri, koma nsalu ili monga ndinailandirira. Ndinainunkhiza, Estere. Zaka zonsezi pakati pa mabelo, ine mwini fodya anandilowa mpaka m'khungu, koma nsaluyo ikununkhira mafuta a kokonati amene aChilemba ankadzola kutsitsi. Nditatuluka nalo, ziboda zinayamba kumbuyo kwanga. Sizinazungulire balani monga kale. Zinanditsata, pang'onopang'ono, kudutsa pamabulugama, kudutsa padibi, kudutsa pamjigo pamene azimayi anandipatsa moni ngati palibe chilichonse. Sindinacheuke. Zafika mpaka pano, zaima kuseri kwa mtengo uno, ndipo pamene ndikulembamu kuli bata la nyama zimene zikudikira.

Ndinafuna kuimba nyimbo ija kuti mtima ukhale pansi, koma yachoka. Ndayesa kangapo, m'kamwa mulibe ngakhale poyambira pake. Ndili chikhalire choncho ndinaimva ikutuluka pawindo, iwe ukuimba uku ukusita. Unafika pamene ine ndinkathera nthawi zonse, pamene ndinkabwerera poyamba chifukwa sindinkadziwa zotsatira. Iwe sunabwerere. Unapitirira, mawu amene sindinakuphunzitse, mpaka simbi inazizira, iwe n'kupita kukaikamo makala ena.

Ndili ndi mantha, sindikubisira. Ndinaganiza zochotsa kamtoloko m'chikwama n'kukabwezera kukhoma, kuti upite wekha wopepuka. Koma ndakhala pano n'kuganiza za munthu amene ndinamuchita chipongwe iye n'kundithirira tiyi. Sanapwetekepo munthu ali moyo, sindikuona chifukwa choti ayambire pa mwana wanga. Akavalowo sakukusaka. Akhala zaka zonsezi akudikira wowaperekeza kwawo, ndipo ine ndinakanika. Ukawamva kumbuyo kwako pabwalo la ndege kapena m'misewu ya kumeneko, usathamange, usacheuke, ungogwira chikwama chako bwino. Usaliike pansi, mwana wanga. Samba m'manja. Wina akayatsa ndudu pafupi nawe, suntha.

M'kalata muno mulinso pepala lina lopinda. Limenelo ndiye buku lathu, lili ndi pepala limodzi lokha. Ndalembapo dzina la agogo ako aJailosi ndi la agogo ako aakazi aNasimelo, njira imene anadzera, mapulazi atatu amene anagwirako ntchito, ndi pamene agona kuseri kwa damu, mzere wachiwiri kuchokera kumuwanga. Pansi pake ndasiya mizere inayi yopanda kanthu. Lina lofanana nalo lili m'thumba la malaya anga pamodzi ndi pensulo, ndipo ndiziyenda nazo kumunda ndi kutchalitchi komwe.

Bukulo likangochoka m'manja mwako, undiimbire foni nthawi yomweyo, kaya kuno kuli nthawi yanji. Usayambe ndi moni, usafunse za amayi ako, ungoti lafika, kenako ukhale chete pang'ono ndimvetsere m'mutu mwangamu. Mayinawo akabwera ndidzawatchula mokweza monga ndinkachitira pamaso pa abambo anga, iwe uzilemba uko, ine ndizilemba kuno. Akapanda kubwera, usandilirire. Pamzere woyamba udzalembe kuti Raffingora, komboni ya kumunsi, nyumba ya pamtengo wa mabulosi, kuti ana ako akadzafunsidwa kwawo asadzatsegule pakamwa pachabe ngati ine.

Amayi ako akuitana kuti nkhuku yapsa. Ndikubwera kudzadya nawe, ndipo ndikakhala chete patebulo usandifunse.

Ndine bambo ako,
Laisoni